Mazira a m'Chikuta cha ku Markham

Fungo la viniga wakuda ndi jinja linali litalowerera nyumba yonse ya banja la a Leung ku Markham, m'dziko la Canada. Linalowa m'makatani, m'mabulangete, mpaka mu mpango umene Hasna ankavala poswali. Akasamba, linkamudikira pa thaulo. Mtsikanayo ankangodandaula chamumtima kuti, "Ya Allah, mwezi umenewu utha liti?"

Unali mwezi wa chikuta. Musadabwe, Matchaina nawo ali nacho chikuta chawo, ndipo chathu chija n'chamasewera. Mathilda, bwana wake wa Hasna, atangobwera kuchipatala ndi khanda, mayi ake anatseka mawindo onse nakhoma lamulo: kwa mwezi wathunthu wachikuta asatuluke panja, asamwe madzi ozizira, mlendo asaponde m'nyumba, ndipo chitseko chisasiyidwe chotsekula, pakuti mphepo ikalowa m'mafupa a mayi wongobereka kumene situlukamonso mpaka ukalamba. Gogoyo aliyense ankawatchula kuti Popo. Anali kamayi kafupi, ka mawu ngati wogulitsa matemba pamsika, moti ngakhale mkamwini wawo Malcolm ankayenda monyang'ama akamadutsa pakhitchini.

Hasna anachokera ku Nkhotakota. Pamapepala ntchito yake inalembedwa kuti au pair, dzina lokoma ngati la mafuta odzola. Kwathu timangoti wolera ana wogonera pomwepo. Ankasamala Olivia, mwana woyamba wa m'nyumbamo, ndipo tsopano nakonso kakhanda. Chilolezo chake chogwirira ntchito chinali ndi dzina la banja limeneli lokha. Atati apirire miyezi yochepa yotsalayo, akanapempha mapepala okhazikika m'dzikomo. Atati achoke panjira, ndiye kuti zonse zagwa m'madzi, mwinanso kukwera ndege kumene.

Pa mbaula pankakhala chimphika chadothi. M'menemo munkawira mang'ina a nkhumba, jinja, viniga wotsekemera ndi mazira. Akuti zimenezi zimabwezera magazi m'thupi mwa wachikuta, ndipo abale ndi abwenzi amagawiridwako m'mabotolo kuti adziwe kuti mwana wabadwa. Hasna atangofika pakhomopo anagwirizana ndi Mathilda kuti za nkhumba iye sakhudza, ndipo pangano linasungidwa bwinobwino mpaka tsiku limene Popo anaterereka panja pa chipale chofewa nathyoka dzanja. Nanga mphikawo akanavundula ndani? Malcolm ali kuntchito, Mathilda ali pabedi akulira limodzi ndi khanda, gogo akuyesa kunyamula chimphika chowira ndi dzanja limodzi. Hasna anavala magolovesi, natembenuzira nkhope kumbali, nagwira chipande.

Kuyambira tsiku limenelo Popo anamukonda koopsa. Chikondi chimenecho ndicho chinamupweteka.

* * *

Popeza mlendo sankaloledwa, Sufian, chibwenzi cha Hasna, ankakumana naye pakona ya sukulu ya Olivia. Lachitatu lina anafika mofulumira, ana asanaweruke, atangotsika shifiti ya m'mawa kubwalo la ndege kumene ankakweza katundu. Anali mnyamata wa ku Mangochi, wamtali, woseka ndi maso, ndipo Hasna akamuona ankaiwala kuti kukuzizira.

Hasna analowa m'galimoto ya Sufian natulutsa sikafu yobiriwira m'chikwama.

"Ndaluka ndekha. Popo ndi amene andiphunzitsa. Kwinaku kwakhota, musandiseke."

"Kukhota kumeneku ndiye chidindo chake," anatero Sufian akuzenga sikafuyo m'khosi. "Ndikafera nayo imeneyi." Anagwira manja a Hasna kuti awafunditse, kenako anakwinya mphuno. "Koma iwe, fungo limeneli! Wavundulanso kapado lero?"

"Nditani nanga? Gogo dzanja lili mu pulasitala. Ndimavala magolovesi, ndikatha ndimasamba mpaka khungu kuwawa."

"Ine ndikumvetsa, switi. Kuno ndi ku Canada. Ife kuntchito timanyamula makatoni a mowa tsiku lonse, Mulungu amaona kuti ndi ntchito. Koma Loweruka, azakhali akakufunsa, unene kuti sumayandikira n'komwe. Uti uli ndi mapoto ako, mbale zako, chilichonse chakochako."

"Ndiname kwa munthu wamkulu tsiku loyamba?"

"Si kunama, ndi kuchepetsa nkhani. Azakhali suwadziwa iwe. Ndi amene anandibweretsa kuno, bambo atamwalira ndi amene anandilera. Akati ee, ankhoswe akupita kwa malume ako ku Nkhotakota mwezi wamawa, ukwati wa nikaha tichita kukayamba kutentha. Akati ayi…" Anaimitsa mawu nayang'ana panja.

"Akati ayi, inuyo mudzati chiyani?"

Sufian anaseka. "Sangatero. Ungochita zimene ndakuuzazo, zina zonse undisiyire ine. Ndili pambuyo pako."

Belu la sukulu linalira. Hasna anatsika funso lake lisanayankhidwe, koma mawu akuti "ndili pambuyo pako" anawasunga bwino. Atsikana timasunga zinthu zachabe, abale.

* * *

Loweruka Mathilda anamupatsa tsiku lonse, ngakhale maso ake ankapempha kuti asapite. Hasna anavala diresi lake labuluu la pa Idi, nadzola mafuta onunkhira kawiri kuti aphe viniga. Ali pakhomo kumanga nsapato, Popo anatulukira akukoka chikwama chofiira chomangidwa pakamwa ndi riboni.

Awiriwa ankalankhulana ndi Chingerezi chothyokathyoka, chotsalacho manja ankamaliza.

"Apongozi! Wapita chimanjamanja? Manyazi! Tenga. Mazira. Malalanje. Mwayi wabwino, ana ambiri."

Hasna anali atawaona dzulo lake akunyika mazira owiritsa mu utoto wofiira, monga amachitira mwana akabadwa. Anafunsabe, "Popo, nkhumba mulibe?"

"Nkhumba palibe! Ndachotsa. Dzira lokha. Dzira labwino!"

Mawu akuti "ndachotsa" anayenera kumuimitsa. Koma basi inali pafupi kufika, ndipo mwana woleredwa bwino samasula mphatso ya munthu wamkulu pamaso pake ngati wapolisi wa pachipata. Anapinda bondo, nalandira ndi manja awiri, nathamanga. Mubasi, m'sitima ya pansi, mubasi inanso mpaka ku Etobicoke kwa azakhali a Sufian, chikwamacho anachifungatira pamiyendo, mtima uli pa mayankho amene ankaloweza.

* * *

Chitseko anatsekula ndi Yusra, mwana wa azakhali a Sufian. Anabadwira konko, Chichewa chake chinali cha m'mphuno, koma mawu amene ankawafuna ankawadziwa bwino.

"Ooo, ndiwe amene ukufuna kundilanda mwamuna wanga?" anatero akumwetulira ndi mano okha.

Sufian anaseka kuchokera pabalaza. "Usamumvere ameneyo, ndi chisuweni chabe."

Inde, msuweni amaseka choncho, tonse tikudziwa. Koma tikudziwanso kuti maukwati ena anayamba ndi nthabwala yomweyo. Hasna anaona m'mene Yusra anakonzera kolala ya Sufian podutsa.

Azakhaliwo, Mayi Anifa, anakhala pampando waukulu, tasibihi yopempherera ili m'manja. Hasna anagwada patali, napereka salamu, nakankhira chikwama chofiira kutsogolo.

"Kamphatso aka n'kochokera kwa gogo wa kumene ndimagwira ntchito. Akuti mazira ndi malalanje, mayi."

"Alhamdulillah. Yusra, landira ukaike uko." Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumasokosi. "Ndamva kuti umagona kwa Matchaina."

"Ee, mayi."

"Amene aja sasiya kanthu, chilichonse choyenda amadya. Iwe umadya chiyani?"

"Ndimaphika zanga, mayi. Nyama ndimagula kwa Msilamu mnzathu."

"Nanga ya m'khola ija? Sakugwiritsa?"

Hasna anaponya diso kwa Sufian. Mnyamatayo anagwedeza mutu pang'ono.

"Ayi, mayi. Sindiyandikira n'komwe."

Bodzalo linatuluka mosalala mpaka iye mwini anachita mantha. Mayi Anifa anamasuka nkhope. Anafunsa za mzikiti wa kwawo, za mayi ake, za malume ake, ndipo zinapezeka kuti shehe amene anamuphunzitsa madrasa anali mnansi wa malemu amuna awo. Anaseka, namutchula "mwanangu." Hasna anamva ngati wamasulidwa chingwe m'khosi.

"Tiyeni tione ngati manja akufanana ndi pakamwa," anatero mayiwo. "Masamusa ali kukhitchini, akudikira mafuta. Kakazinge, mwanangu."

Anakazinga ndi mtima wonse. Palibe imodzi inaphulika, palibe inapserera. Yusra ankalowa ndi kutuluka, akunyamula mbale kupita patebulo, akuimba kanyimbo ka Chingerezi pansipansi. Hasna anasanja masamusa bwino m'mbale, napukuta thukuta, natuluka.

Fungo ndi limene linamulandira. Pakati pa tebulo, pambali pa mazira ofiira, panali mbale yoyera ya mazira ena osenda, akuda ngati ndiwo za chikanda, akunyezimira. Mayi Anifa anali atadya theka, theka lina lili pa foloko.

"Koma Matchainawa amatha," ankatero. "Kutsekemera kwake, kuwawasa kwake! Sufian, talawa."

Inu, Hasna akanatha kungokhala chete. Dziralo likanatsika, tiyi akanatsatira, ankhoswe akanapita ku Nkhotakota. Maganizo amenewo anamufikira ndithu, osati sanamufikire. Koma anaona dzanja lokhala ndi tasibihi likukweza foloko kukamwa, ndipo anakuwa.

"Mayi, lavulani! Chonde lavulani! Mazira amenewo amawiritsa limodzi ndi nkhumba!"

Foloko inagwera m'mbale. Kenako mpando unagwa. Mayi Anifa anathamangira kubafa atagwira pakamwa, ndipo phokoso limene linachokera kumeneko Hasna sadzaliiwala. Yusra anapita kukhitchini mosafulumira, nabwerako ndi botolo la msuzi wakuda. Anapisamo supuni navuula kafupa kakang'ono, nakaika pa mbale yoyera kuti aliyense akaone.

"Oh my God," anatero mofatsa. "Ndi zija amadya akabereka. Mnzanga wa kusukulu anandionetsapo. Ndinaiwala."

Anaiwala! Munthu wotsekula botolo, n'kununkhiza, n'kutsanula msuzi, n'kusankha mbale yoyera kwambiri m'kabati, ati anaiwala.

Mayi Anifa anabwerera maso ali psuu, madzi akuyenderera pachibwano.

"Astaghfirullah. Zaka zonse ndakhala m'dziko la eni lino, sindinalawepo najisi, chinthu chodetsedwa. Ndapita ku Maka ine. Lero wandidyetsa ndi mwana amene akufuna kulowa m'nyumba mwanga."

Hasna anagwada. "Sindinadziwe kuti zilimo, mayi, Mulungu ndi mboni. Gogo uja anangochotsa nyama, iye amaona ngati akatero ndiye kuti zayera. Sanafune choipa."

"Sunadziwe. Nanga wazindikira bwanji uli pakhomo apo, usanalawe, usanagwire? Si iwe unati suyandikira n'komwe?"

Apa panalibenso pothawira.

"Ndimavundula mphikawo, mayi. Gogo anathyoka dzanja. Ndimavala magolovesi."

"Manja omwewo wakazingira masamusa anga." Mayiwo anatembenuka pang'onopang'ono. "Sufian. Iwe umadziwa zimenezi?"

Hasna anadzutsa mutu. Sankapempha zambiri. Ankangofuna mawu ochepa okha: ndimadziwa, azakhali, ndipo ndine ndinamuuza kuti abise. Sufian anayang'ana azakhali ake, nayang'ana kafupa kaja, nayang'ana pansi.

"Ayi, azakhali. Inenso ndikumva lero."

Yusra anatola mbale ya masamusa, nakaikhuthulira m'bini yonse.

* * *

Palibe anamuperekeza. Anayenda yekha kupita pokwerera basi, chipale chofewa chikumumenya kumaso, diresi la pa Idi likukwekwereza matope a mchere wothiridwa mumsewu. Sanalire mpaka atakhala pampando wakumbuyo. Pamenepo foni inayamba kunjenjemera.

"Switi pepa. Unaona wekha m'mene zinalili."

"Ukanangokhala chete bwenzi zonse zili bwino. Unakuwiranji?"

"Ndikonza. Undipatse nthawi. Usandibloke."

Anawerenga uthenga wachiwiriwo mobwereza. Kodi ndiye kuti cholakwa chake chinali kuletsa hajati, mayi wofika ku Maka, kumeza nkhumba? Munthu amene anati ali pambuyo pake analidi pambuyo, kutali kwenikweni, kumene miyala siifika. Mtima unamuwawa, osati chifukwa cha mayi Anifa, pakuti iwo analakwiridwadi, ngakhalenso Yusra, pakuti mdani amachita zaudani. Unamuwawa chifukwa cha Sufian. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo iye anali atangoona kumene kuti pa fupa limenelo chibwenzi ndi mnofu chabe.

Atafika ku Markham dzuwa linali lisanalowe. Popo anamuchingamira pakhomo nkhope ili ngwee.

"Tseka, tseka, mphepo! Apongozi adya? Akonda?"

Hasna anafuna kukuwa. Anafuna kunyamula chimphika chija n'kukachiswera panja. Koma anaona dzanja la mu pulasitala, naganiza za gogoyu akuvuula mang'ina m'botolo ndi dzanja limodzi, mmodzimmodzi, kuti apongozi a mtsikana wake asakhumudwe.

"Adya, Popo," anatero, nakwera kuchipinda kwake.

Mathilda ndi amene anaona maso otupawo pamene Hasna anabwera kudzatenga khanda kuti alisinthe thewera. Anafunsa, nafunsanso, mpaka Hasna anafotokoza. Mathilda anagwira kumutu.

"Mayi anga! Ndinawauza kuti kwa inu ngakhale msuzi ndi woletsedwa. Samva. Hasna, ndikupepesa. Ndiwaimbire azakhaliwo ndiwafotokozere?"

"Zingoipiraipira, madamu."

"Kuyambira lero mphika uja sukhudzanso, Malcolm azivundula akaweruka." Kenako anagwira mkono wa Hasna mwamphamvu. "Koma sutisiya, eti? Ine sindikugona, mayi dzanja ndi limenelo. Ukachoka pano ndipenga. Komanso mapepala ako, Hasna. Watsala pang'ono kwambiri."

Kupepesa kwake kunali koona, koma dzanja limene linamugwiralo linali la munthu amene akuopa kumira. Hasna anazindikira kuti m'nyumba muno amamukonda ngati mmene munthu amakondera ndodo yake. Ku Etobicoke samufuna, ku Markham sangamumasule. Anatenga khanda nakalisintha thewera.

* * *

Lamulungu masana belu la pakhomo linalira. Malcolm anali atapita ndi Olivia kokagula zinthu, Popo akuwodzera pampando. Hasna anatsekula chitseko khanda lili paphewa.

Anali Sufian, manja ali m'matumba, khosi lili pamtunda.

"Ukudziwa kuti alendo saloledwa kuno," anatero Hasna. Ulemu wa "inu" unali utatsalira ku Etobicoke.

"Sindikulowa. Ndabwera kudzakutenga. Ndachonderera azakhali mpaka avomera. Akuti ukachoka m'nyumba muno lero, ukakhale kwawo, akuyang'anire okha, shehe akuwerengere pemphero la dua, nkhani ya ankhoswe ikhoza kuyambiranso."

"Lero."

"Lero. Akuti likalowa dzuwa uli muno, ndiye kuti wasankha nkhumba."

"Nanga mapepala anga? Ndikachoka pano chilolezo changa chilibenso ntchito. Ukudziwa zimenezo."

"Tikakwatirana ndidzakusponsa ine. Ukudandaula chiyani?"

Hasna anaseka kuseka kopanda mano. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Dzulo lomweli munthuyu analephera kumuimira pa dzira limodzi, lero ati amuimire pamaso pa boma.

"Chabwino, Sufian. Ndikalongedza. Koma uyambe waimba foni pompano, ine ndikumva. Uwauze azakhali ako kuti umadziwa. Uwauze kuti bodza lija unandipatsa ndiwe."

"Aaa, Hasna, zimenezo n'zakale. Tikuzifukuliranji? Ukufuna andithamangitse ine? Panopa zinthu zayamba kuzizira. Ngakhale Yusra wakuikira kumbuyo, wawauza mayi ake kuti mwina sunadziwedi."

"Yusra."

"Ee. Wandiperekeza kumene, akuti akuthandize kunyamula zikwama. Si munthu woipa, iwe."

Hasna anayang'ana kumsewu. Galimoto inali ikulira pamalo pomwe. Pampando wakutsogolo, pamene iye ankakhala Lachitatu lililonse, panali Yusra akuseweretsa foni. Anadzutsa mutu, nakweza zala ziwiri kupereka moni. M'khosi mwake munali sikafu yobiriwira, yokhota mbali imodzi.

Sufian anatsatira maso akewo, nagwira khosi lake lopanda kanthu.

"Amamva kuzizira, ndangomubwereka. Usayambe nkhani pa sikafu."

Khanda linayamba kulira. Kuchokera pabalaza mawu a Popo anaphulika ngati wailesi. "Mphepo! Hasna! Chitseko!"

Hasna anamuyang'ana mnyamatayo komaliza, kufunafuna maso oseka aja. Anangopezamo mantha a mwana amene watumidwa ndipo akuopa kubwerera chimanjamanja.

"Wamva," anatero mofatsa. "Muno muli chikuta. Mphepo ikulowa."

Anatseka chitseko, nakhoma loko. Anaima chotsamira pomwepo, akusisita khanda kumsana. Anamva mapazi akutsika masitepe, chitseko cha galimoto, kenako kuseka kwa mkazi kusanamezedwe ndi injini.

Foni inanjenjemera m'thumba la juzi. Ankaganiza kuti ndi Sufian, koma unali uthenga wa mawu wochokera ku Nkhotakota. Anauika kukhutu. Mawu a mayi ake anali osasa, ngati a munthu amene wakhala akulira kuyambira m'mawa.

"Hasna mwanangu, mayi ena a ku Canada aimbira shehe, ndipo nkhani yafika kale kumzikiti. Akuti ukudya nkhumba, ukudyetsanso anthu. Ine lero sindinatuluke m'nyumba. Malume ako akuti usankhe: upite kwa apongozi akowo lero lomwe ukagwade, apo ayi usadzatchulenso kuti uli ndi kwanu. Ndiyankhe, mwanangu. Anthu ali pakhonde pano, akudikira."

Kukhitchini chimphika chija chinayamba kusefukira, msuzi ukulira pa mbaula, ndipo Popo anali akuitana kale dzina lake.